Apongozi M'kompyuta ya Boma

Kwathu kunsi kwa phiri la Michesi mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso, ndipo dzina lawo salitchula ngakhale mutamuikira chikwanje pakhosi. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire, kaya muli minga kaya muli chitedze. Ana a masiku ano ayamba kuzitaya zimenezi, ena mpaka kukweza apongozi pa njinga yamoto nkumawauza kuti agwiritse m'chiuno. Koma mayi anga ndi akale. Iwo pamodzi ndi alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anakhala pamudzi umodzi mpaka ana kuyamba sukulu, osaonana nkhope. Kulankhulana ankalankhulana, koma khoma lili pakati: mayi m'nyumba, alamu atanjuta panja, nkhani nkumadutsa pa zenera. Musaganize kuti panali chidani. Denga la mayi likadontha, amene ankakwera ndi alamu, mayi atapita kaye kumunda. Nandolo woyamba kukhwima, mayi ankatumiza kwa alamu ife ana awo tisanalawe.

Alamu angawo ndi a ku Chiwalo. Ndi munthu wa phee, wa aja amene ukawaponda phazi amayamba ndi iwo kupepesa. Atapeza ntchito ya ulonda ku ofesi yoyang'anira phiri tinasangalala tonse, makamaka ine, pakuti pamudzi pathu wolandira za boma ndinali ndekha, mphunzitsi, ndipo ndinali nditatopa ndi kuyang'anidwa ngati nkhokwe. Anawapatsa yunifolomu ndi majombo. Mayi, amene mpaka lero boma amalitchula kuti "poma" monga limachitira lilime la Chilomwe, ankauza aliyense pa mjigo kuti mkamwini wawo ndi wa poma.

Ntchito ya alonda inali kuletsa anthu kudula mitengo m'phiri. Ntchito ya amayi a m'mudzi inali kudula, chifukwa kalongonda, nyemba zathu zija, sapsa ndi lamulo, amapsa ndi nkhuni, ndipo nkhunizo amafuna zambiri. Kwa zaka zinkayenda bwino. Alonda akadzera njira ya kumpoto, amayi ankadzera ya kumwera, aliyense nkubwerera kwawo atagwira ntchito yake mokhulupirika.

Kenaka chinafika chaka china alonda anayamba kudziwa. Sankathamangitsanso munthu m'phiri ayi. Ankangofika pakhomo mwaulemu, kupempha mpando, nkunena kuti, "Mayi, dzana munadula mtengo wauwisi pamwamba pa khwawa, mutavala chitenje cha mpingo. Tatipatsani chikwanje." Ndipo zinkakhala zoona, mpaka chitenje chomwecho. Amayi anayamba kukayikirana. Anthu amene anavinidwa limodzi anasiya kubwerekana sefa. Ena ankati ndi mizimu ya m'phiri, ija timamva kuti kale inkasiyira apaulendo chakudya, kuti tsopano yalembedwa ntchito ndi boma. Ena ankaloza ine, ati pakamwa panga palibe chitseko. Alamu anga palibe anawaganizira. Munthu wolephera kuingitsa nkhuku pa mphasa angakhale kazitape?

Tsiku lina alamu anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, nthawi yoweruka isanakwane. Sanadye. Anakakhala kuseri kwa nyumba atazolika. Mng'ono wanga anawafunsa mpaka kutopa, ndipo atamuyankha, iye anathamangira kwa ine mpango uli m'manja. Zimene ndikulemba apazi ndinamva kwa iye, ndipo pambuyo pake alamu anandiuzanso okha, maso ali pansi.

Kani m'phiri monse a boma anali atamangirira timabokosi m'mitengo, tamtundu wa khungwa, tokhala ndi diso. Chinthu chikadutsa, kabokosi kankajambula, zithunzi nkukathera mu kompyuta ya ku ofesi. Pobweretsa timabokosito anati n'towerengera nyama zakutchire. Tsono nyama za m'Michesi tinadya kalekale, kunatsala anyani okha, amenenso sanapemphe kuwerengedwa. Zimene zinkadutsa tsiku ndi tsiku ndi amayi ndi mitolo yawo. Bwana wa ofesi, mnyamata wokulira m'tauni, anaona kuti chida chisangokhala. Vuto lake linali lakuti nkhope za kumudzi sankazidziwa, ndiye ankaitana alamu anga, kuwakhazika pa mpando wofewa kutsogolo kwa kompyuta, nkumafunsa kuti, "Uyu ndi ndani?" Alamu ankatchula. Ndinene mosapsatira, popeza nkhaniyi ndi ya kuulula: kazitape uja anali alamu anga, ndipo anatchula amayi ambiri, ena oyandikana nawo nyumba.

Kabokosi kena anakamangirira pa dziwe la m'khwawa, ati nyama zimamwa pamenepo. Pa dziwe limenelo ndi pamene amayi amatula mitolo nkusamba asanatsikire kumudzi. Mwamuna aliyense wa kwathu amadziwa zimenezi, ndipo akamadutsa chapafupi amakhosomola kapena kuodira patali. Kabokosi sikaodira. Tsiku limenelo bwana anatsegula zithunzi za pa dziwe, ndipo pa galasi panatulukira mayi anga, chitenje chili pa mwala.

Alamu anachita zimene mkamwini woleredwa bwino amachita. Anadzambatuka pa mpando, natembenukira kukhoma, nagwada, nayamba kuwomba m'manja.

"Mwayamba mapemphero?" anafunsa bwana. "Tabwerani kuno, gogoyu ndi ndani?"

"Bwana, amenewo sindingawayang'ane."

"Mukuwadziwa?"

"Kuwadziwa nde ndikuwadziwa."

"Atchulenitu."

"Dzina lawo silituluka pakamwa panga, bwana."

Bwana anaganiza kuti mwina gogoyo ndi mfiti yoopsa, kapena anawadyetsa alamu chibanzi. Anaopseza, anamenya tebulo. Alamu anangokhala chigwadire, nkhope ili kukhoma. Atafotokoza kuti amenewo ndi apongozi, ofesi yonse inafa ndi phwete. Anyamata a m'chipinda china anabwera kudzaona, wina nkukulitsa chithunzicho kuti aone bwino. Alamu akuti kuseka kumeneko ndiko kunawatulutsa panja.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma alamu sakanatha kukauza mayi okha. Nkhani yotere sidutsa pa zenera. Mng'ono wanga anachita mantha, ndiye katundu anagwera ine, mkulu wake. Ndinawapeza mayi akusenda chinangwa cha makaka. Ndinayambira kutali, za mvula, za mtengo wa feteleza, kenaka ndinati m'phiri muli timabokosi tojambula, ndipo alamu akuti amayi asiye kusamba pa dziwe.

"Poma likutijambula?"

"Eya, mayi."

"Nde lasowa chojambula eti?" Anasenda china. Kenaka mpeni unaima. "Nanga iwo aja adziwa bwanji kuti kabokosi kakuona pa dziwe?"

"Iwo aja" anali alamu, pakuti mayinso dzina la mkamwini salitchula. Ndinayankha kuti mwina anamva kwa anzawo. Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali, nkubwerera ku chinangwa chawo.

Nkhani ya timabokosi inafika pa mjigo tsiku lomwelo. Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi amuna anawazungulira alamu kuti anene ngati n'zoona. Ndinkayembekeza kuti akana, pakuti ntchito ya boma satola panjira. Koma munthu wa phee uja anangoti, "Tiyeni ndikakuonetseni." Tinakwera phiri ndi zovala za kutchalitchi, mpingo wonse, akulu ampingo ali patsogolo akupuma wefuwefu m'majekete. Alamu anatilozera kabokosi pa mtengo wa pa dziwe, kakutiyang'ana ndi diso lake limodzi. Mayi wina anamasula thewera la mwana wake, losachapa, nkulimanga pa diso la kabokosiko. M'mawa mwake alamu anaimitsidwa ntchito. Yunifolomu ndi majombo anawavula pa ofesi pomwepo, ati ndi katundu wa boma, ndipo anafika kunyumba ndi kabudula ndi patapata wobwereka.

Phiri silinakhalenso chimodzimodzi. Amayi anayamba kupita ku nkhuni atabwerekana zitenje kuti boma lisokonezeke, ena atafunda kumutu ngati a pa siwa. Ootcha makala ankavala masaka oboola maso. Agogo ena oopa lamulo ankati akafika pa mtengo uliwonse waukulu ankapinda bondo nkupereka moni, poti sudziwa kuti boma lakhala pa nthambi iti.

Posakhalitsa nkhani inalowa pa wailesi ya m'dera lathu, pa pulogalamu ija anthu amaimba foni. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti Phalombe ili ndi akatswiri a malamulo ochuluka kuposa nandolo. Nyengo imeneyo m'matauni ankakangananso za makina omvetsera zimene anthu akulankhula pa foni, ndiye woulutsa mawu anathira zonse mu mphika umodzi, alamu anga nkusanduka nkhani ya dziko. Funso linali lakuti: woululayo ndi ngwazi, kapena wagulitsa boma?

Amuna ndiwo ankaimba kwambiri, poti mafoni amagona m'matumba mwawo. Wina anati wosalakwa saopa kujambulidwa. Mawu ake ndinawazindikira, ndi bambo amene amapita kwa chibwenzi chake kudzera m'chimanga, chokwawa. Wina anati wantchito wa boma amalumbira kusunga chinsinsi, ndiye ngati chinamuwawa akanadandaula kwa bwana wake potsata ndondomeko, osadziwa kuti bwanayo ndi amene ankatsogolera kuseka. Bambo wina wa bungwe loona za ufulu anaimba kuchokera m'tauni, nawatcha alamu ngwazi ya demokalase, nalonjeza kubwera ndi maloya. Tikuwadikirabe. Inenso ndinayesa kuimba, ndipo nditalowa ndinangofika pa mawu akuti "Inu amuna opanda manyazi," woulutsa nkuika nyimbo.

Si onse otsutsa alamu anali zitsiru, ndipo zimenezi ndizo zinkandiwawa. Mkulu wina wa kutsidya, amene napolo anamutengera mkazi ndi nyumba madzi atatsika m'phiri ndi miyala, analankhula motsitsa. Anati phiri talivula tokha, likadzakwiyanso silidzafunsa amene anasamba ndi amene sanasambe, ndipo ngati timabokosi tingasunge mitengo, iye n'ngokonzeka kujambulidwa ngakhale m'bafa mwake. Pamenepo sindinaseke.

Kufika apa, chimene alamu anaona chinali chobisika pakati pa iwo, mng'ono wanga, ine ndi a ku ofesi. Amene anachiyanika pambalambanda ndi bwana uja. Anabwera yekha pa wailesi kudzatsuka dzina la ofesi. Anayamba ndi kunena kuti timabokosi timajambula nyama zokha. Mayi, amene ankamvera ali pakhonde akusankha nandolo m'lichero, anati, "Nde ife ndife anyani." Tinaseka. Kenaka bwana anapitiriza kuti anthu asatengeke, woululayo ali ndi chifukwa chake: anakwiya ataona chithunzi cha apongozi ake akusamba. Anaiwala kuti wangonena kumene kuti timabokosi timaona nyama zokha, ndipo woulutsa mawu sanamukumbutse.

Mayi anaika lichero pansi nalowa m'nyumba. Sanapitenso ku mjigo, sanapite ku mvano. Kuyambira ku Michesi mpaka kwa asodzi a ku Chilwa, anthu anadziwa kuti pali mayi wina amene mkamwini wake anamuona. Dzina silinatchulidwe, koma kwathu safuna dzina kuti akudziwe. Amayi aja analandidwa zikwanje nawonso anapeza polankhulira. Wina anandiimitsa pa msika nati, "Aphunzitsi, alamu anu aja pamene ankatchula ife, mtima anausiya kuti? Lero poti zafika pakhomo pawo nde asanduka mpulumutsi?" Ndinangonyamula dengu langa nkuchoka, ine amene amati pakamwa panga palibe chitseko.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, ndiwo nkhoswe ya banja la mng'ono wanga. Anati pamene zafikapa mkamwini ayenera kuchoka pamudzi, pokhapokha patapezeka njira. Njirayo inabwera ndi mesenjala wa ku ofesi. Bwana anali atakalipiridwa ndi akuluakulu ake, ndiye ankafuna kuti alamu akanene pa wailesi kuti zonse anangopeka, sanaonepo chithunzi cha munthu aliyense. Bwananso akanati lilime linangoterereka, ntchito nkubwerera. Atsibweni anakondwa. Anati mkamwini akanena pagulu kuti sanaone, ndiye kuti sanaone, manyazi achoka, banja lipitirira. Chibadwire sindinaonepo atsibweni akugwirizana ndi boma pa kanthu kalikonse, koma pa bodza ili anakhala pachibale.

Mng'ono wanga anawagwadira amuna ake kuti avomere. Inenso, amene ndimalanga ana a eni chifukwa cha bodza, ndinkafuna aname. Ndinkawakonda alamu anga, ndipo ndinkadziwa kuti kwathu mkamwini akamachoka sanyamula kanthu. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo kwawo ku Chiwalo minda inali kale m'manja mwa alongo awo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa mayi, ankhoswe a mbali zonse alipo. Mayi anali m'nyumba, chitseko chili chotsekula pang'ono. Atsibweni anawalambulira alamu njira ngati kukubwera nduna.

"Akamwini, tsiku lija munali mutalawako pang'ono, si choncho?"

"Ine sindimwa, bambo."

"Chabwino, chabwino. Koma maso anu aja amavuta, tonse tikudziwa. Zinthu za m'galasizi munthu atha kuona nyani nkumati ndi munthu."

Nkhoswe ya ku Chiwalo inawagunda alamu ndi chigongono. Mng'ono wanga anali atagwira pakamwa.

"Maso anga ali bwinobwino," anatero alamu. "Ndikakanena kuti timabokosi sitiona anthu, mawa amayi abwerera pa dziwe, anyamata aja nkukhalanso pa kompyuta. Ndinatchula anthu ambiri ine. Zakwana."

Atsibweni anayamba kufotokoza kuti za dziwe tikambirana tsiku lina, koma mawu anatuluka m'nyumba.

"Achimwene, musazungulire. Afunseni kamodzi basi. Anaona?"

Tonse tinkadikira liwu limodzi lokha, lakuti ayi, ndipo tikanalilandira ndi manja awiri. Ndikhulupirira kuti mayinso akanalilandira.

"Ndinatembenuka msanga," anatero alamu, nkhope ataloza kumbali. "Koma ndinaona."

Mng'ono wanga analira ngati pagwa zovuta. Ine mtima unapsa. Ndinaimirira, ulemu nditauika pambali, nkufunsa chitseko chija kuti nanga bwana, nanga anyamata amene anaseka, nanga akuluakulu amene mwina chithunzicho akuchisungabe, amenewo tiwathamangitsira kuti?

"Poma si mwana wanga," anayankha mayi. "Poma silidya pakhomo pano. Koma ine ndizituluka bwanji m'mawa, ndikudziwa kuti maso aja ali pabwalo panga?"

Nkhani inathera pomwepo. Ankhoswe anamasula banja dzuwa lisanapendeke. Ndinene ndisanaiwale kuti timabokosi tidakalipo m'phiri, kupatula ka pa dziwe kamene anakasuntha mwakachetechete, ndipo bwana uja anamukweza pa ntchito nkumutumiza kukayang'anira phiri lalikulupo. Wailesi sabata yotsatira inkakambirana za mitengo ya nandolo.

M'mawa mwake alamu anamangirira chikwama ndi khasu pa njinga. Ana tinawatumiza kusukulu msanga kuti asaone. Mng'ono wanga anadzitsekera m'nyumba. Ine ndinawaperekeza, ndikunyoza boma, atsibweni ndi wailesi njira yonse, iwo nkumanditonthoza ngati wothamangitsidwa ndi ine. Titafika pa mphambano ya kumunda tinapeza mayi ataima pakati pa njira. Alamu anakhotetsa njinga kuti alowe kutchire.

"Imani pomwepo," anatero mayi. "Zija zinatha dzulo. Lero ndinu munthu wapanjira. Tandiyang'anani."

Alamu anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Mayi anayandikira, nawayang'ana bwinobwino kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, monga amasankhira nsalu pa msika.

"Kani mphuno ya ana aja ndi yanu," anatero. "Ndinkadabwa kuti anaitenga kuti. Mwachita zaumunthu, bambo. Amayi a m'mudzi muno sadzakuthokozani, poma silidzakuthokozani, nde ndati ndithokoze ine. Zikomo."

Nkhope ya alamu inawala, inenso mtima unadumpha. Anagwira njinga ngati akufuna kuitembenuza.

"Nde ndibwerere, mayi?"

"Ayi," anatero mayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Muyende bwino."